Za Chimfine Chotsikira m'Chifuwa cha Khanda

Mwezi uno tikamba za nthenda imene ambiri a ife tiiyesa yachabe, pakuti kwa munthu wamkulu ingokhala chimfine cha masiku owerengeka. Koma chimfine chomwecho chikagwira khanda la miyezi iwiri, chikhoza kutsikira m'chifuwa ndi kulitsekera mpweya.

Kachirombo kake madokotala amakatcha RSV. Kanaoneka koyamba m'chaka cha 1956 mwa anyani a mtundu wa chimpanzee ku America, ndipo m'chaka cha 1957 dokotala Robert Chanock anakapeza mwa ana odwala chifuwa mumzinda wa Baltimore. Pafupifupi mwana aliyense akumana nako asanakwanitse zaka ziwiri, ndipo ambiri achira okha. Komabe akatswiri anawerengera kuti m'chaka cha 2019 kanapha ana osakwana zaka zisanu oposa 100,000 padziko lonse, ochuluka ndithu a m'maiko osauka. Ndipo ambiri mwa iwo anamwalira osafika kuchipatala.

M'mapapo a khanda muli tinjira ta mpweya tochepa kwambiri. Kachiromboka kakafikamo, tinjirato titupa ndi kudzala mamina, kotero kuti mwana amachita kulimbana ndi mpweya uliwonse. Mphuno nayo itsekeka, ndipo popeza khanda limapumira m'mphuno poyamwa, ligwira bere pang'ono, lilisiya, nililira ndi njala. Oopsedwa koposa ndiwo makanda osakwana miyezi isanu ndi umodzi, obadwa masiku osakwana, ndi odwala mtima. Agogo okalamba nawonso chiwagwetsa pansi.

Tsono amayi, mverani. Nthendayi imakula pa tsiku lachitatu kufikira lachisanu, pamene banja liyesa kuti zatsala pang'ono kutha. Mwana ali chete wosalira, mum'vule malaya, muyang'ane pachifuwa, muwerenge kupuma kwake kwa mphindi imodzi yathunthu pa wotchi kapena pa foni. Wosakwana miyezi iwiri akapuma ka 60 kapena kuposa, wa miyezi iwiri kufikira chaka ka 50, wa chaka chimodzi kufikira zisanu ka 40, ndiye kuti apuma mofulumira, ndipo ayenera kuonedwa ndi achipatala tsiku lomwelo. Koma mukaona pansi pa nthiti pakulowa m'kati pokoka mpweya, mwana akubuula, milomo yachita bii, akukana bere, akulekeza kupuma kwa kanthawi, kapena wafooka wosadzuka, nyamukani ngakhale pakati pa usiku. Inu abambo, njinga ikhale ndi mpweya ndipo ndalama ya ulendo ikhale padera. Nthawi yotere si yoyamba kugogoda kwa anansi.

Tinene mosabisa za mankhwala. Makapisozi a amoxicillin ndi Bactrim ogula pa wokala sapha kachirombo aka. Amapha mabakiteriya, ndipo ndi dokotala yekha amene angadziwe ngati chibayo cha mabakiteriya chalowererapo. Mphini za pachifuwa zingowonjeza bala pa mwana wovutika kale. Kuchipatala am'patsa mpweya wa okosijeni, ndipo akalephera kuyamwa am'mwetsa mkaka kudzera m'kachubu ka m'mphuno, kufikira thupi ligonjetse nthenda. Alipo makina othandiza makanda kupuma, otchedwa Pumani, amene anakonzedwa ndi akatswiri a ku Rice University pamodzi ndi madokotala a chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Wodwala pang'ono mum'samale kunyumba: kum'pukuta mphuno ndi kansalu koyera asanayamwe, ndi kum'yamwitsa pang'onopang'ono koma kawirikawiri.

Kachiromboka kayenda m'malovu potsokomola ndi poyetsemula, ndiponso m'manja, pakuti kakhala ndi moyo kwa maora angapo pa chitseko kapena pa kapu. Makolo athu posunga mayi ndi mwana m'chikuta anachita mwanzeru kuposa mmene tiganizira. Lero khanda la masabata awiri tiliyendetsa m'manja mwa mlendo aliyense, makamaka pa tsiku la ubatizo, pamene aliyense afuna kulifungata. Wa chimfine alione ali patali. Sadzakwiya, ndipo akakwiya adzapola. Ana obwera ku sukulu asambe m'manja ndi sopo asanakhudze mng'ono wawo, pakuti kawirikawiri ndiwo abwera nako. Khanda lisagonekedwe mu utsi wa kukhitchini kapena wa fodya, ndipo liyamwe bere lokha kwa miyezi isanu ndi umodzi.

Chitetezo chatsopano chilipo tsopano. M'chaka cha 2023 dziko la America linavomereza katemera wobaya mayi wapakati, kuti chitetezo chake chidutse kwa mwana asanabadwe. Palinso jakisoni wotchedwa nirsevimab, wobaya khanda kamodzi, amene aliteteza kwa miyezi ngati isanu. M'chaka cha 2025 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalangiza maiko onse kugwiritsa ntchito imodzi mwa njira ziwirizi, ndi kuti mayi abayidwe mimba ikafika masabata 28. Amayi oyembekezera afunse anamwino za katemerayu akapita ku sikelo.