Opikula chiponde ku Bua akudya mpamba wa eni ake



Kalata ino ikupereka dandaulo la anthu, makamaka amayi, amene amapanga chiponde, nsinjiro ndi mtedza wokazinga m'dera la Bua m'boma la Nkhotakota n'kumapikulitsa, kutanthauza kugulitsa katundu wambiri nthawi imodzi pa mtengo wotsikirapo kwa eni magolosale ndi maokala amene amakagulitsanso kwa ogula mmodzimmodzi. Malondawa amatsata msewu wa M5, kuchokera pa mlatho wa Bua kulowera kumwera pa boma ndi kumpoto ku Dwangwa, kumene malipiro a ogwira ntchito m'minda ya nzimbe amayendetsa ndalama mwezi ukamatha. Chodandaulitsa n'chakuti opikula ambiri, amene maina awo satchulidwa muno, anazolowera kutenga katundu osalipira, pa pangano la pakamwa loti ndalama idzaperekedwa katunduyo akatha, ndipo mabotolo otsala amabwezedwa kwa mwini wake patapita milungu, mafuta atayandama pamwamba ndiponso pepala la dzina litasuluka.

Wopanga chipondeyo alibe womukongoza chotere. Popeza Bua amadziwika kwambiri ndi mpunga ndi nsomba, mtedza wochuluka umagulidwa kwa Mwansambo kapena kumtunda ku Ntchisi ndi ku Kasungu, ndipo mlimi kapena venda sautulutsa asanalandire ndalama m'manja. Chimodzimodzinso wa galimoto, wa chigayo ndi wogulitsa mabotolo. Mpamba wa zonsezi nthawi zambiri umachokera ku banki m'khonde, gulu la anthu osungitsana ndi kubwereketsana ndalama, limene chiwongoladzanja chake sichiima podikira kuti mwini golosale akumbuke ngongole. Kuchedwako kumaluma kwambiri pamene ndalama ikuchepa mphamvu, monga zinachitikira kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chifukwa ndalama yolandiridwa patatha miyezi iwiri sigulanso thumba la mtedza limene inachokera.

Koma chiwopsezo chachikulu chili pa nkhani ya chuku. Chuku ndi nkhungu imene imamera pa mtedza wosauma bwino, wosweka kapena wobooledwa ndi tizilombo, ndipo mtundu wake wina wotchedwa Aspergillus flavus umatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene saoneka ndi maso, satha ndi kukazinga, ndipo akadyedwa kwa nthawi yaitali amayambitsa khansa ya chiwindi komanso amaganiziridwa kuti amapinimbiritsa ana. Kutentha ndi chinyezi cha kunyanja zimathandiza nkhunguyi kufala, ndipo chizolowezi chowaza madzi pa makoko kuti afewe posenda, kapena chonyowetsa mtedza kuti ulemere pa sikelo, chimaipatsa malo oswanirana. Wopanga wosamala amayala mtedza pa lichero n'kuchotsa njere iliyonse yofota, yakuda kapena ya mphwephwa, ntchito yodya masiku ndi yochepetsa thumba limene analipira lathunthu. Wopikula, komabe, safunsa za kusankhako: amayang'ana kukula kwa botolo ndi mtengo basi, kotero kuti amene wapera mtedza wosasankha ndiye amapeza msika, ndipo wosamala uja, atapanikizidwa ndi ngongole, amayesedwa kusinja zotsalira zija kukhala nsinjiro, imene imakathera m'phala la mwana ndi mu nkhwani wotendera. Palibe amene angazindikire njere yoola itasanduka ufa.

Dziko lino linalawapo kale kuwawa kwa nkhaniyi. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, mtedza wa Chalimbana wogulidwa ndi bungwe la boma la ADMARC unkatumizidwa ku Ulaya wochuluka, koma msikawo unatayika, ndipo chimodzi mwa zifukwa zimene zavutitsa kuubwezeretsa ndi muyeso wa European Union, umene salola aflatoxin woposa magawo 4 pa magawo 1 biliyoni mu mtedza wodyedwa mwachindunji. N'zodabwitsa kuti chimene mzungu wa ku Ulaya amatetezedwa nacho ndi lamulo, mwana wa ku Bua amatetezedwa nacho ndi chikumbumtima cha mayi wosauka amene sanalipidwe.

Wina anganene kuti opangawa asiye maokala n'kulowa m'masitolo aakulu a ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, makamaka popeza ndondomeko ya Buy Malawi, yolimbikitsa kugula katundu wopangidwa m'dziko muno, inakhazikitsidwa mu 2016 ndipo mu Malichi 2025 boma linaika chiponde pa mndandanda wa katundu woletsedwa kulowa m'dziko kuchokera kunja. Khomo limenelo limatsegukira okhawo amene ali ndi chiphaso cha Malawi Bureau of Standards, bungwe loona za miyeso ya katundu limene linakhazikitsidwa mu 1972 ndipo likulu lake lili ku Blantyre. Chiphasocho n'choyenera, ndipo palibe wanzeru angachitsutse, koma chimafuna nyumba yopangiramo yapayokha, zipangizo zoyenera ndi ndalama zoyezetsera katundu, zinthu zimene munthu sangazipeze mpamba wake utagona m'mashelefu a anthu ena.

Chimene opangawa akupempha si chithandizo chaulere. Akupempha kuti wopikula azilipira theka la mtengo polandira katundu ndi theka lotsala pa tsiku lolembedwa m'kabuku kosainidwa ndi onse awiri, ndiponso kuti botolo limene lakhala m'golosale kupitirira nthawi ya pangano lisabwezedwe. Makomiti a misika ndi mafumu a m'derali, amene amaweruza kale milandu ya ngongole, angathe kukhala mboni za mapanganowa. Alangizi a zaulimi ndi a zamalonda akupemphedwanso kuthandiza opanga kukhala m'makopaletivi, magulu olembetsedwa mwalamulo ochitira malonda limodzi, kuti mtengo wa chigayo, wa mabotolo ndi wa kuyezetsa chuku uzigawidwa pakati pa anthu ambiri, ndipo ntchitoyi iyambe mtedza watsopano usanafike pa msika mu Meyi.

Wodandaula,
Bua, Nkhotakota