Pempho kwa omanga nyumba ku Mitundu ndi ku Nathenje: khonde lalitali likhale ndi pogwira



Ife a gulu lokhudzidwa ndi chitukuko kuno kwathu tabwera ndi pempho. Ndalama za fodya, soya ndi mtedza zikalowa, ambiri tikumanga nyumba zokweza maziko pothawa madzi a dzinja, ndipo nzoyamikika. Koma tayendani msewu wa ku Bunda mpaka pa Mitundu, kapena wa M1 pa Nathenje, muone makonde ofika m'chiuno mwa munthu wamkulu, masitepe anayi kaya asanu, popanda pogwira paliponse. Mukafunsa, eni ake amati "tidzaika pambuyo," kenako ndalama nkuthera ku matailosi ndi penti. Chonsecho pakhonde pomwepo mpamene mwana akukwawa, mpamenenso agogo amatsikira usiku magetsi atathima. Wokalamba akathyoka fupa la m'chiuno, ulendo wake sumathera pa chipatala cha Mitundu, umakafika ku Kamuzu Central, omudikirira nkusiya munda uli pakati.

Tikupempha kuti khonde lililonse lopitirira m'mawondo likhale ndi chotchinga. Ku South Africa, komwe abale athu ambiri akugwira ntchito, malamulo a zomangamanga amati chotchinga chitalike mita 1 ndipo mpata wa pakati pa zitsulo usapitirire masentimita 10, kuti mutu wa mwana usalowe. Muyeso umenewu ngwabwino nafenso. Zitsulo zikhale zoimirira, pakuti zopingasa mwana amaziyesa makwerero. Amisiri ena amakonda maluwa opindapinda ngati a pa mabagala. Kukongola sitikukana, koma pamene pali poponda phazi, mwana akwera basi.

Chachikulu ndi nthawi yoikira. Mizati ya chotchinga izikidwe mu konkire pamene khonde likuthiridwa, osati kudzagoba kadzenje nyumba itatha nkumata ndi pulasitala. Chomata chotere chimagwedera mvula imodzi yokha, ndipo nchoopsa kuposa kusakhalapo, chifukwa munthu amachitsamira ndi thupi lonse. Musanamalize kumulipira wowotcherera, chigwedezeni ndi manja awiri iye akuona. Chipakidwe penti wofiira woletsa dzimbiri, makamaka m'munsi momwe madzi amadikha. Ngati ndalama ya chitsulo yavuta, khoma lalifupi la njerwa likwanira, kapenanso mitengo ya bulugamu yokhwima yopakidwa mankhwala a chiswe.

Masitepe nawo akhale ofanana onse: msinkhu pakati pa masentimita 15 ndi 18, poponda pokwana phazi lonse. Sitepe imodzi ikasiyana ndi zinzake, phazi limanamizika, ndipo imeneyo ndiyo imagwetsa anthu. Amayi, polishi wa Cobra athere m'nyumba, pa masitepe ayi. Matailosi onyezimira pabwalo ndi chimodzimodzi, akanyowa amaterera ngati therere.

Kwa eni masitolo, matchalitchi ndi mizikiti: pambali pa masitepe ikani potsetsereka pofatsa pokhala ndi pogwira, kuti anzathu aulumali oyenda pa njinga alowe osachita kunyamulidwa. Mafumu athu a kwa Chadza, kwa Chiseka ndi madera oyandikana nawo, chonde itchuleni nkhaniyi pa misonkhano ya m'midzi anthu asanayambe kukumba maziko chilimwe chino.