Ndalama zilipo, koma zinacokera kuti?

Kuyambira 2022, wofuna viza ya EB-5 ku America ayenera kuika madola 800,000 m'bizinesi ya kudera lakumidzi kapena losowa nchito, ndipo anthu 10 apezepo nchito. Kukhala nazo ndalamazo sikokwanira ayi. A USCIS amafuna mapepala a msonkho a zaka 7. Mukati "ndinagulitsa nyumba", akufunsani kuti munaigula ndi ciani. Mukati ndi mphatso ya amalume, amalumewo nawonso afotokoze kumene anazipeza.

Britain inatseka viza yotereyi mu 2022 poopa ndalama zakuba. Kufufuzako n'koyenera, koma ine cimandidetsa nkhawa n'cakuti wakuba wamkulu ali ndi maloya omukonzera mapepala. Wamalonda woona mtima amene wagulitsa katundu zaka 20 popanda lisiti, nanga aonetsa ciani?