Mayi wothawa nkhondo asamangodinda chala



Ku Afghanistan, dziko lakutali ku Asia, gulu la Taliban linalandanso boma mu Ogasiti 2021. Lero atsikana kumeneko saloledwa kupitirira kalasi 6. Mu Disembala 2022 amayi anawaletsanso kuphunzira ku yunivesite. Amayi amenewa azunzika ndi nkhondo zaka zoposa 40, ndipo tsopano awalandanso cholembera.

Ife a ku Moatize ndi ku Zóbuè nkhondo sitichita kuyimva kwa ena. Pa nkhondo ya zaka 16, yomwe inatha pa 4 Okutobala 1992, anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira ku Malawi. Mu 2015 ndi 2016, asilikali a boma atalimbana ndi a Renamo ku Nkondezi, mabanja anathawanso n'kukafika ku Kapise, m'boma la Mwanza. Kenako ambiri anawasamutsira ku msasa wa Luwani ku Neno. Ochuluka mwa iwo anali amayi ndi ana.

Tafunsani mayi amene anakhalako. Kumsasa chilichonse chimayendera pepala: dzina m'kaundula, khadi la chakudya, khadi la mwana la kusikelo. Mayi wosadziwa kuwerenga amadinda chala pa pepala lomwe sakudziwa kuti likunena chiyani. Dzina lake likalembedwa molakwika, sangaone. Chiwerengero cha ana ake chikachepetsedwa, sangatsutse. Akabwerera kumudzi n'kupeza wina walima m'munda mwake, vuto limakhala lomwelo.

Chonsecho malamulo a dziko lathu ali kumbali yake. Lamulo la malo la 1997 limati mkazi ali ndi ufulu wogwiritsa ntchito malo chimodzimodzi ndi mwamuna. Lamulo la 2009 limaletsa nkhanza za m'banja kwa amayi. Lamulo la 2019 limaletsa kukwatiwitsa mwana wosakwana zaka 18. Koma lamulo limathandiza msanga munthu amene akulidziwa ndipo angathe kusaina yekha dandaulo lake.

Pa ntchito yanga yophunzitsa aphunzitsi a akuluakulu, ndimaona amayi akuyamba sukulu mwakhama. Mvula ikagwa mipando imatsala yopanda anthu. Ena amatanganidwa ndi kumunda. Ena amuna awo awaletsa. Ena amachita manyazi chifukwa anzawo amawatchabe "othawa".

Inu amayi, musasiye. Mwezi wa kupalira ukakupanikizani, kambiranani ndi aphunzitsi kuti musinthe nthawi ya kalasi. Ngati bilyeti yanu inatayika pothawa, kapena mwana anabadwira kumsasa osalembetsedwa, pitani ku ofesi ya kaundula mukakonze zimenezi.

Inu abambo, mkazi wodziwa kuwerenga salanda udindo wanu. Ndi iye amene adzawerenge mankhwala a mwana ndi uthenga wa M-Pesa inu mutachokapo.

Inu mafumu ndi atsogoleri a mipingo, mayi wamasiye ndi mayi wobwerera kuchokera kumsasa musawaiwale polemba mayina a ophunzira.

Amayi a ku Afghanistan sukulu anawatsekera. Kwathu kuno ndi yotsegula. Sabata ino, popita kukalasi, dzerani kwa mnansi wanu amene akudindabe chala, mupite naye limodzi.