Tisakwirire Mphatso ya Masamu mwa Ana a ku Mwanza

Aliyense amene anaphunzitsapo ana aang'ono, kaya ndi pa boma pa Mwanza, kaya ku Thambani kapena ku Kunenekude, adziwa kuti pakati pa khamu la ana okhala pansi mothithikana sipalephera kupezeka mmodzi kapena awiri amene, mphunzitsi asanatsirize n'komwe kulemba samu yachitatu pa bolodi, iwo apeza kale mayankho onse m'mutu, nayamba kuyang'ana kunja pa zenera. Ana otere ndiwo ndifuna kuwalankhulira, pakuti ngakhale timawaombera m'manja pa tsiku lotsekera sukulu ndi kuwapatsa kope ndi pensulo, masiku ena onse a chaka timawaiwala, poyesa kuti wokhoza kale safunanso thandizo.

Zimene timawachitira nzodziwika. Mwana akatsiriza msanga, timamuonjezera masamu ena khumi ofanana ndi oyamba aja, kotero kuti mphotho ya kufulumira isanduka chilango. Kapena timampatsa ntchito yolemba maina a olongolola pamene aphunzitsi ali kuchonga makope, ndipo nthawi imene akadalimbana ndi manambala aithera pa kudana ndi anzake. Koma choipa choposa zonse ndi ichi, chakuti mwana akapeza yankho loona mwa njira yakeyake, imene siili m'buku, timamthetha ndi cholembera chofiira, ndi kumuuza kuti atsate njira imene anaonetsedwa. Ndipo mwana wochenjera, poona kuti kuganiza kumamdzetsera milandu, aphunzira msanga kuleka kuganiza, nasanduka wongoloweza monga ena onse.

Sindinena izi ponyoza aphunzitsi. Pamene boma la Bakili Muluzi linachotsa fizi m'sukulu za pulayimale mu 1994, chiwerengero cha ana chinalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo kuyambira pamenepo mphunzitsi wa makalasi oyamba wakhala akuimirira pamaso pa ana ochuluka kotero kuti ngakhale maina awo kuwadziwa onse ndi ntchito. Munthu wotere, ngati ali ndi mtima wabwino, maso ake amakhala pa otsalira, ndipo sitingamdzudzule. Kale Dr Kamuzu Banda anayesa kuyankha funso la ana amphatso potsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama, ku Kasungu, mu 1981, kumene kunkapita ana okhoza koposa ochokera m'maboma onse. Koma sukulu yotere imalandira owerengeka okha, ndipo imawalandira atafika kale kumapeto kwa pulayimale, pamene ambiri a iwo amene anali ndi mphatso ali mu Sitandade 3 anafota kale osaonedwa ndi munthu. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba, ndipo mayeso a MANEB a Sitandade 8 amafika mochedwa kwambiri kuti atiuze za mwana amene tinayenera kumzindikira ali ndi zaka 8.

Tsono chofunika kumvetsa ndi chakuti kuwerengera msanga ndi kuganiza masamu ndi zinthu ziwiri zosiyana. Anyamata osintha ndalama pa chipata cha Mwanza, amene amatembenuza makwacha kukhala ma metical kapena marandi m'kuphethira kwa diso pamene basi ya ku Johannesburg ikudikira, ali ndi liwiro lodabwitsa, ndipo ndimawapatsa ulemu; koma liwiro limadza ndi kubwereza, ndipo foni iliyonse lero ingawapose. Chimene mwana wamphatso asowa ndicho funso limene sadziwa njira yake, limene adzagona nalo, nadzuka nalo, nalakwa kawiri katatu asanaone potulukira. Pakuti mwana amene sanakumanepo ndi funso lomkanika, tsiku limene adzakumana nalo ku sekondale adzayesa kuti nzeru zamthera, nataya mtima.

Mafunso otere sitiyenera kuwaitanitsa kunja, popeza ali m'mbali mwa msewu wathu womwe. Taonani mtsikana wogulitsa manachesi nyengo yachisanu, mmene aunjikira mulu wake: anayi pansi, limodzi pamwamba, ndiwo asanu. Mfunseni kuti akayala atatu m'litali ndi atatu m'lifupi, namanga mulu kufikira litatsala limodzi pansonga, adzafuna angati. Adzayesa ndi manja, napeza 9 pansi, 4 pakati, 1 pamwamba, onse 14. Mfunseninso za mulu woyamba ndi anayi mbali iliyonse, koma tsopano mumletse kugwira zipatso. Akatha kuona m'mutu kuti mulu watsopanowo ndi wakale uja woikidwa pamwamba pa 16, nati 30, mudziwe kuti pamenepo masamu enieni ayamba, chifukwa waona dongosolo lobisika m'kati mwa zinthu. Ndipo wa asanu mbali iliyonse adzaunena yekha musanamfunse, kuti ndi 55. Kapena mpatseni ili: mayi wina poika manachesi ake atatuatatu litsala limodzi, poika anayianayi litsalanso limodzi, koma poika asanuasanu palibe lotsala, kodi ali nawo angati? Mwana wakhama adzafika pa 25. Musamtame msanga, koma mumfunse ngati palibe nambala ina yochita chimodzimodzi, ndipo mumsiye apite nalo kwawo; akadzabwera ndi 85, nakuuzaninso chifukwa chake yotsatira iyenera kudza patapita 60, mwapeza munthu wofunika kumsamala.

Bawo nayo ndi sukulu, ngakhale ena amaiyesa masewera a alesi okhala pansi pa mtengo. M'maenje ake 32 ndi mbewu zake 64, wosewera wabwino sagwira mbewu asanawerengere m'mutu kumene dzanja lidzathera, chimene adzadya, ndi chimene mnzake adzabwezera; ndipo kuyang'ana patsogolo kotere, kuyesa njira zingapo m'maganizo ndi kutaya zosapindula, ndiko kumene mphunzitsi wa masamu amafuna kudzala mwa mwana. Ndidabwa kuti agogo amene amadziwa luso limeneli amathamangitsa adzukulu pa bawo, makamaka atsikana, m'malo mowakhazika pansi ndi kuwafunsa kuti, “Ukadakhala iwe ukadayambira dzenje liti?”

Za Carl Friedrich Gauss, wobadwa mu 1777 ku Braunschweig m'dziko la Germany kwa makolo osauka, imanenedwa nkhani yakuti mphunzitsi wake, pofuna kuti ana akhale chete nthawi yaitali, anawalamula kuphatikiza manambala onse kuyambira 1 kufikira 100. Koma kamnyamatako, poona kuti 1 ndi 100 apanga 101, 2 ndi 99 apanganso 101, ndi kuti magulu otere alipo 50, kanapereka 5050 anzake asanafike patali. Chimene ndiona chachikulu m'nkhaniyi ndi chimene mphunzitsi anachita pambuyo pake, pakuti sanamkwapule chifukwa chodumpha njira, koma anamfunira mabuku ovuta koposa a kalasi yake, ndipo mwanayo anadzakhala mmodzi wa akatswiri a masamu aakulu koposa amene dziko linaonapo.

Kodi mphunzitsi wa ana ochuluka chotere angachite chiyani? Angachite chinthu chimodzi chosadya ndalama: pa ngodya ya bolodi alembepo funso limodzi lovuta Lolemba lililonse, losafufutidwa kufikira Lachisanu, lotseguka kwa mwana aliyense wofuna, ndipo pa tsiku lomaliza apatse mphindi khumi kwa amene ayesa kuti afotokoze pamaso pa anzawo mmene anaganizira. Afotokoze m'Chichewa ngati Chingerezi chiwamanga lilime, popeza mwana amaganiza m'chinenero chimene anayamwira, ndipo mawu awiri akuti “Wadziwa bwanji?” aposa chikwapu ndi mphotho zomwe. Mwa njira imeneyi adzaonekeranso ana ena amene sitinawayembekeze, ofatsa okhala kumbuyo, amene salemba msanga koma amaona patali. A ku Malawi Institute of Education ku Domasi akhala akulimbikitsa kwa zaka zambiri kuphunzitsa ndi zinthu zopezeka pamalo, monga timiyala, zitsekerero za mabotolo ndi timitengo. Koma zinthu zimenezi tazisiyira ana a Sitandade 1 ophunzira kuwerenga, ngati kuti wamkulu sangapezemo funso lomtopetsa mutu.

Chotsala chili m'manja mwa alangizi a maphunziro a m'mazoni, amene ali ndi malo osulira aphunzitsi otchedwa TDC, okhala ndi chipinda ndi mabenchi. Loweruka limodzi pa mwezi, ana awiri kapena atatu ochokera m'sukulu iliyonse ya m'zoni akadasonkhana pamenepo ndi mphunzitsi mmodzi wokonda masamu, kuti mwana wozolowera kukhala woyamba yekhayekha akumane ndi anzake omposa, chimene chili mankhwala a kudzikuza ndi a ulesi pamodzi. Mafumu athu, a Kanduku, a Nthache ndi magulupu awo, atathira mawu pa ichi, makolo sakadakana kumasula mwana tsiku limenelo.

Inu aphunzitsi aakulu a m'boma la Mwanza, musadikire kalata yochokera ku Lilongwe, pakuti palibe lamulo loletsa funso pa ngodya ya bolodi. Itanani aphunzitsi anu a Sitandade 3 kufikira 6 sabata ino, aliyense atchule ana amene amatsiriza msanga, anyamata ndi atsikana omwe, ndipo Lolemba likudzali funso loyamba likhale litalembedwa ana asanalowe.