Matope a kwa Kuntumanji Alibe Mlandu

N'zochititsa manyazi kuti akuluakulu ena a m'maofesi amanamizira mvula feteleza akafika mochedwa kwa Kuntumanji. Kodi mvula inayamba yabwerapo mozemba ngati mbala? Mlimi wa mpunga m'mbali mwa nyanja ya Chilwa amadziwa kuti pofika Disembala misewu yadothi imasanduka phala, koma munthu wophunzira, wokhala ku Zomba pafupi pomwepo, amadabwa chaka ndi chaka.

Nkhaniyi ndi ya masamu basi. Matumba 600 a makilogalamu 50 ndi matani 30. Lole yonyamula matani 10 iyenera kuyenda maulendo atatu msewu usanaonongeke, ndipo isamabwerere yopanda kanthu pamene mpunga ndi matemba zikudikira msika. Mu 1947 George Dantzig wa ku America anapeza njira yowerengera zoterezi ngakhale malole ndi madepoti atachuluka. Nzeruzi si zachilendonso ayi.

Chovuta n'chakuti ambiri anakula akuloweza mayankho, osaphunzira kufunsa kuti katundu ndi wochuluka bwanji, achoke kuti, afike liti. Aphunzitsi amene akusulidwa ku Domasi aziyesedwa ndi mafunso a malole a kwa Kuntumanji asanapatsidwe choko.