Matemba a ku Chilwa ndi Mtsinje wa Likangala

Madzulo alionse, m'mphepete mwa njira za ku Chikanda mu mzinda wa Zomba, amayi amayala masaka ndi kuunjikapo matemba m'timilu. Anthu ena amadutsa monyoza, nati matemba ndi ndiwo za amphaŵi. Anthu otere amalakwa, pakuti m'kansomba kameneka muli zinthu zimene thupi la mwana silingakule bwino popanda izo.

M'thupi la nsomba muli tizitsulo tating'ono kwambiri tosaoneka ndi maso. Koyamba ndi ayironi, amene amathandiza magazi kunyamula mpweya wabwino m'thupi lonse. Mwana wosoŵa ayironi amachepa magazi, amatopa msanga, ndipo amaodzera m'kalasi. Kachiŵiri ndi kashiamu, amene amalimbitsa mafupa ndi mano. Kachitatu ndi zinki, amene amakulitsa mwana ndi kuthandiza zilonda kupola. Wodya mlamba amalavula minga, koma matemba amadyedwa athunthu, mutu ndi minga yomwe. Motero kashiamu wa m'mingamo satayika.

Komabe nsomba sisankha zimene zili m'madzi ake. Matemba ambiri a ku Zomba amachokera ku Nyanja ya Chilwa. Mtsinje wa Likangala, umene umayambira pa phiri la Zomba nudutsa pafupi ndi Chikanda, umathira m'nyanja yomweyo. Nyanjayi ndi yosazama, kotero kuti inaphwa mu 1968 ndi mu 1995. Ilibenso mtsinje wotulutsa madzi ake. Dzuŵa likaomba madzi amauma, koma zoipa zimene zinaloŵamo zimatsalira m'matope.

Pakati pa zoipazo, choopsa ndi mtovu. Chitsulo chimenechi chimapezeka m'mabatire a galimoto ndi mu utoto wina wa nyumba, ndipo chilibe ntchito ina iliyonse m'thupi la munthu. Chikaloŵa m'nsomba, kuphika sikuchichotsa. Chikaloŵa m'thupi la mwana chimaononga ubongo, mwanayo navutika kugwira maphunziro. Ngakhale tizitsulo tothandiza tija timafunika pa muyeso wake, monga mchere m'ndiwo. Tikachulukitsa timadwalitsa. Nchifukwa chake akatswiri a ku Yunivesite ya Malaŵi, imene ili pafupi ndi Chikanda, akhala akupima madzi a Likangala kuti adziŵe zimene zilimo.

Alipo ena amene amati mtsinje umadzitsuka wokha mvula ikagwa. Zoona zake nzakuti mvula imangosamutsa zinyalala, kuzichotsa ku Chikanda ndi kukazitula ku Chilwa. Kumeneko asodzi amagwira matemba, nawayanika, ndipo amalonda amabwera nawo ku Chikanda konkuja. Akuluakulu anati choipa chitsata mwini.

Choncho mwana wanzeru sanyoza matemba, ndiponso saona mtsinje ngati dzala. Zinyalala amazitaya m'dzenje, kutali ndi madzi. Akaona batire lotha ntchito saliswa kapena kuliponya m'ngalande, koma amauza makolo ake. Potero amasunga madzi a nsomba, nasunganso thanzi la onse odya nsombazo.

Mafunso

1. Tchulani tizitsulo titatu tothandiza timene timapezeka m'nsomba.
2. Kodi nchifukwa chiyani zoipa zimatsalira m'Nyanja ya Chilwa?
3. Fotokozani tanthauzo la mwambi wakuti choipa chitsata mwini.